Nthaka Yoyandama ku Iberá

Eleuterio anazimitsa injini
pakati penipeni pa dambo.
"Tsika, uponde," anatero.
Nthaka inanjenjemera pansi pa nsapato zanga
ngati mimba ya ng'ombe ikamapuma:
udzu, mizu, matope, zonse zikuyandama
pamwamba pa madzi ondimiza.

Akapibara, makoswe onenepa ngati nkhumba,
anangotiyang'ana osasuntha,
mmodzi atabereka kambalame
kakumutola nkhupakupa mosapupuluma.

Ng'ona yakuda inkaothera dzuwa, kukamwa kuli yasaa.
Anaiyeza ndi maso
kuyambira kumphuno mpaka kumchira,
milomo ikuwerenga yokha.
Ndinamufunsa.
"Chizolowezi," anati. "Zaka makumi awiri
ndinkagulitsa zikopa zimenezi ku Mercedes.
Iyi ikadaveka ana atatu nsapato."
Anathira madzi otentha m'kachipanda ka tiyi wowawa,
nayamwa ndi kapaipi, nandipatsira.

Pobwerera tinakumana ndi mbawala ya miyendo yakuda
itaima m'madzi olekeza m'mawondo.
Kamera yanga inali m'chikwama.
Dzanja la Eleuterio linakwera pang'onopang'ono,
chala chikufunafuna mfuti yomwe anaisiya kalekale.
Linapitirira mpaka kumutu
n'kuvula chipewa.

Udzudzu unatidya mpaka padoko.