Makalata a Pulatinamu

Kunja chipale chofewa chakwirira Cluj,
basi yomaliza yapita.
Ndatsala ine, mbewa zoyera khumi ndi ziwiri,
ndi kabotolo kotuwa ngati mkaka wothira madzi.

Pulatinamu sasankha mdani.
Atalowa m'mitsempha ya Smaranda, mkulu wanga,
anamenya chotupa cha m'bere, inde,
koma anathotholanso tsitsi, anawotcha impso,
ngakhale supu wa amayi ankamveka dzimbiri m'kamwa.

Tsono ndikumuphunzitsa ulemu.
Ndimamukulunga m'timipira ta mafuta,
tochepa kuposa fumbi la paphiko la gulugufe,
n'kulemba adiresi kunja kwake:
ukagogode kumene maselo apenga,
usamasule thumba panjira.

Makalata ambiri amasochera.
Chiwindi chimawameza, mlonda wadyera.
Koma dzulo pakompyuta ndinaona
angapo atafika, akunyezimira mobiriwira
m'kati mwa chotupa cha mbewa yachisanu ndi chiwiri.

Sindinakuwe. Ndinalemba tsiku ndi ola,
ndinasamba m'manja kawiri,
kenako ndinaimbira Smaranda
kumufunsa ngati mpango wofiira uja
akuufunabe,
popeza tsitsi layamba kumera.