Mtengo wa Bokosi

Pa Chinamwali, m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde,
mabokosi amayalidwa panja ngati akuothera dzuwa.
Ndinafikapo Lachitatu m'mawa,
bambo ali chigonere ku mochale,
m'chikwama mwanga muli chipepeso cha kumpingo
ndi kangachepe kamene Feniyasi anatumiza pa foni kuchokera ku Joni.

A Kwalimba anasasa utuchi m'manja.
Ili ndi la mlombwa, anatero,
zogwirira zonyezimira, m'kati nsalu ngati ya mkwatibwi.
Ili la paini, koma tapaka vanishi kawiri.
Anatchula mtengo wake.
Liwu limeneli ndi lachilendo ndithu:
mtengo wa ndalama, mtengo wa m'nkhalango,
ndipo ine tsiku limenelo ndinkaopa yonse iwiri.

Bambo anagwira ntchito ya nkhalango paphiri zaka makumi atatu,
kusenza mbande m'machubu, kuthamangira moto mu Okutobala
mpaka nsidze zinapserera osameranso.
Atapuma ankakhala pakhonde ku Sadzi
kuwerenga njinga za makala zotsika m'phiri,
akafika pa khumi ankalowa m'nyumba.
M'wodi, dilipi ili pamkono, anandikoka chala:
Estere, ndikapita musandiveke thabwa.
Mitengo ija sindinadzalire chiswe cha pamanda panga.

Ndiye ndinafunsa za lija linali kuseri kwa chitseko,
lotuwa, lopanda maluwa, lopanda galasi.
A Kwalimba anaseka chamumtima.
Limenelo ndi la katoni, mayi,
anapanga mphwanga, amati zikuyenda kwina,
kuno mwezi wachinayi palibe walifunsa.
Anavula nsapato, nalowamo, nagona chagada,
anyamata anayi anamunyamula ndi zingwe za khonje
kuzungulira naye shedi yonse.
Silinapindike.
Ndinaseka, koyamba chimwalirire bambo,
kenako ndinalira mpaka mayi wogulitsa nthochi anandipatsa mpando.

Kunyumba azakhali anavula duku n'kuliponya pansi.
Mchimwene wanga ndi sopo kodi?
Ndi mazira, kuti apite m'katoni?
Anthu a ku Matawale adzati ana ake ndi ouma manja.
Ndinalibe yankho lokoma.
Ndinangoti: ngongole ya maliro a amayi
tinamaliza kubweza chaka chatha, azakhali,
ndipo mlombwa wawo uja
pano ndi dothi lomwelo.

Adzukulu okumba manda anabwera kudzaliona,
wina analibaya ndi chala, wina anayang'ana kumwamba
kumene mitambo inali itakhala kale pamutu pa phiri.
Likanyowa? anafunsa.
Usiku wa pasiwa, nyimbo zili m'kati,
ana a Feniyasi anapeza makrayoni m'kabati.
Palibe anawaletsa.
Pofika m'mawa chivindikiro chonse chinali nkhalango,
mitengo yobiriwira, ina yofiirira, umodzi wabuluu,
ndi kamunthu kovala magambuti, kopanda nsidze.

Mvula inadikira mpaka titatsitsa zingwe.
Onyamula anati sanamvepo maliro opepuka chotere,
sindikudziwa ngati kunali kuyamikira.
Dothi loyamba silinagunde ngati ng'oma
monga limachitira pa thabwa,
linangoti phu, ngati munthu wakhala pamphasa.

Ndalama yotsala ndinalipira fizi ya Tiyanjane, teremu yonse,
ndi mbande zitatu za mbawa kwa mnzawo wa bambo
amene anakana kulandira ya yachitatu.
Ziwiri zinagwira. Imodzi mbuzi inadya.

Azakhali mpaka lero sandipatsa moni wathunthu.
Koma Loweruka lapitali ndinawapeza kumanda
ali ndi chigubu cha madzi a ku Likangala,
akuthirira, akung'ung'udza okha:
kamtengo aka kapendekeka,
mwana ameneyu sadziwa n'kudzala komwe.