Patani ya a Kamtengeni

Chimene chinafika kwa ine si munthu ayi,
kanali kanyama ngati njere ya mpunga
m'kabotolo, nambala 417, kochokera kummero.
Ndinakakwirira m'phula, n'kukacheka
mopyapyala kuposa khoko la anyezi,
jenereta ya ku Sentulo ikutsokomola panja.

Dzina ndinaliwerenga mochedwa.
Kamtengeni. Telala wa pakhonde ku Kawale,
yemwe anandisokera yunifomu ya Fomu Wanu
n'kusiya mpendero waukulu, ati mwana amakula.

Ndinathira utoto, ndinadikira.
Pansi pa maikulosikopu maselo anandiyang'ana
ndi maso a khofi, onse, mzere ndi mzere.
Mnofu wabwino sutero.
Umathothomoka apa ndi apo ngati mvula ya chizimalupsa.

Akazi awo, a Nasibeko, anandigwira pageti,
pomwe amagulitsa nthochi ndi mayunitsi.
Adokotala akuti vuto lili m'majini, anatero,
ndiye majiniwo watitumizira ndani?
Mlamu wawo uja wa ku Mitundu?

Ndinakhala nawo pasimenti.
Si majini a usiku, mayi, palibe wawatuma.
Awa ndi patani.
Selo lililonse limasunga yake, yopindidwa bwino,
n'kumadulirapo mapuloteni monga bambo adulira nsalu.
Pali puloteni imodzi, ife timangoitchula nambala,
ntchito yake ndi ulonda:
selo likalakwa, imati ima, usabereke.
Tsono pa patani ya mlondayo
sizasi inaterereka, kamodzi kokha, pang'ono chabe.
Kuyambira pamenepo aliyense wosokedwa
akutuluka manja atasokereredwa kumsana.
Ali mbwee, adzaza chipata,
palibe angatseke chitseko.
Ndi amene ndawaona lero, ofiirira aja.

Sindinawauze kuti kwa ena galasi limayera mbee,
patani itang'ambika pakati, osasokedwa ndi mmodzi yemwe,
ndipo kuyerako n'koopsa chimodzimodzi.
Sindinawauze kuti chilembo chenicheni cholakwikacho
ine sindinachionepo.
Makina ochiwerenga ali kutali, kuseri kwa ndege ndi madola.
Ine ndimaona malaya okha, n'kuganizira patani.

Nanga sizasiyo anagwedeza ndani? anafunsanso.
Utsi wa mbaula? Tiyi wamoto?
Kachasu anasiya Lekeleni asanabadwe.
Ndinati sindidziwa.
Mawu amenewa ndimawanena bwino tsopano,
zaka zisanu ndi zinayi m'labu zandiphunzitsa.

Madzulo ndinakwera kuwodi.
Anali atatsamira khoma, kapu ya phala losefa
ikuzizira pa lokala, mmero utakana ngakhale malovu.
Anandiyang'ana kuyambira kuphewa kutsika,
diso la ntchito lija silinadwale.
Gawuni yakoyo anasoka ndani?
Kolala yapendama.
Ukandibweretsere Loweruka, ndi ulusi woyera.

Ndinalemba lipoti langa, mizere inayi,
n'kusaina pansi pa dzina la adokotala.
Minibasi ya ku Eriya 25 inadzaza mpaka pakhomo,
kondakitala akuti sunthani, malo alipo, sunthani,
pa mlatho wa Lingadzi ndinazindikira
kuti dzanja langa lili pakolala,
likuyesa kuiwongola.

Loweruka ndinapita nayo.
Anailandira, anaitembenuza kunsi kumwamba,
nayamba kusomola ndi lezala, pang'onopang'ono,
kufunafuna pamene panayambira kulakwika.