Ziweto za Eulogio

Ku Cholula, kuseri kwa fakitale ya a Cuautle,
komwe chimanga amachiphika ndi njereza usiku wonse,
Eulogio amaweta ziweto zomwe sanazionepo ndi maso.

Zilibe mayina. Sizilira m'khola.
Zimakhala m'thanki yachitsulo, yaitali ngati nsanja ya tchalitchi,
m'matope akuda onunkha dzira lowola,
ndipo chakudya chake ndi madzi achikasu aja,
nehayote, msuzi wa gaga ndi njereza
womwe kale ankangoutayira m'ngalande
mpaka abulu akumunsi anasiya kumwamo.

Amadziwa kuti zakhuta
singano ya geji ikanjenjemera,
gasi akakwera m'paipi
n'kukayatsa lawi labuluu pansi pa mphika womwewo.

Sabata yokumbukira akufa, maoda atachuluka,
Nemesio, mnyamata wa mwezi umodzi pantchito,
anatsegula valavu yonse.
Njereza inalowa ngati chigumula.
Pofika mbandakucha thanki inali zii.
Eulogio anagunditsa khutu pachitsulo
monga achitira pachifuwa cha wodwala.
Lawi linali litazima kale.

Mwanayo sanamukalipire.
Anabwereka lole ya mlamu wake
napita kufakitale ya mowa, tsidya lina la mzinda,
kukapempha migolo isanu ndi umodzi ya matope amoyo,
ngati munthu wokapala moto kwa mnansi.
Mlonda wapageti anaseka chikhakhali:
mtunda wonsewu, bambo, kudzatenga uve?

Masiku makumi awiri ndi atatu
anazidyetsa pang'onopang'ono,
chidebe lero, mawa chidebe ndi theka,
akuviika kapepala koyezera, akukayang'ana pa getsi.
Kunyumba Hermelinda ankamuvulitsa malaya pakhonde.
Anachapa kawiri, fungo osachoka.

Kenako usiku wina singano inasuntha,
pang'ono chabe,
ngati chikope cha munthu wogona.
Anapatsa Nemesio machesi.
Dzanja la mwanayo linanjenjemera, ndodo ziwiri zinathyoka,
yachitatu inagwira.

Kutacha anatsikira kumapeto kwa dziwe lomaliza
komwe madzi amatulukira mbee, kulowera kuminda ya anyezi.
Pamwala panali chule, wamng'ono ngati chala chamanthu,
khosi likugunda.

M'kaundula Eulogio analemba ola, kutentha,
ndi manambala atatu ofunidwa ndi abwana.
Za chule sanalembe.
Mpata wake munalibe m'mizeremo.