Milu Iwiri ya Mabuku ku Halale

M'mawa uliwonse ndimayala chiguduli pakhonde la sitolo yotsekedwa,
moyang'anana ndi pokwerera makombi a ku Mufakose,
n'kuunjika mabuku milu iwiri.
Kumanja, maiko amene chitseko chilibe loko.
Kumanzere, maiko amene chitseko chili ndi khutu.
Mtengo ndi umodzi, dola imodzi.
Fumbi ndi laulere.

Olembawa anayamba ndi zisumbu.
Munthu atatopa ndi olamulira
koma khosi lake akulifunabe,
ankati: kutsidya kwa nyanja, njira ndaiwala,
ndinaona anthu akugawana tirigu popanda mlonda.
Wanzeru ankamva kuti akunenedwa ndi akuno.
Mapu atadzaza, zisumbu zitatha,
anasamutsira mudzi uja ku mawa.
Kenaka mawalo linafika litavala jombo,
litapanira kaundula wa maina m'khwapa,
ndipo inki inada kuposa kale.
Mulu wakumanzerewu unabadwa choncho.
Ndiwo umayenda malonda.

Bambo anga, a Lusiyano Kaphwiti, sanawerengepo ndi limodzi lomwe,
koma anali mlembi wa mulu wakumanja.
Anachoka ku Ntcheu wapansi, milungu isanu,
kudzaphika m'khitchini ya ku Avondale,
akugona m'kachipinda kuseri kwa galaja.
Lamulungu ankalembetsa kalata:
Kuno ku Halale magetsi sagona,
nyama timachita kuikana,
ngakhale agalu ali ndi dokotala.
Azakhali a Nasibeko ankasunga makalatawo m'chitini cha tiyi,
ndipo anyamata asanu ndi awiri a m'mudzimo
ananyamuka kukafuna mzinda wa m'kalata.
Anapeza Mbare.
Anatchona.

Sindiwatcha abodza bambo anga.
Wogona pa simenti akapanda kulota bedi
msana umathyoka msanga.

Ine ndinaona chaka chimene ndalama inkafota m'thumba
ngati mpiru wa dzana,
chikwama chodzaza osagula buledi.
Pepala limodzi la maziro ndondondo ndinalisunga,
ndimasungira malo m'buku lina lakumanzere,
patsamba pomwe mlembi wakutali analosera zoopsa
zochepa kuposa zimene tinadya ife.

Dzulo kunaima mtsikana wa yunifolomu yobiriwira, Rumbidzai,
anatola buku la mzinda wogulitsa mvula m'mabotolo,
n'kundifunsa m'Chishona:
Sekuru, munthu n'kulemberanji mdima
ngati kuti tilibe wotikwanira?

Ndinati, mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi.
Ameneyu amakuza chilonda papepala
kuti uchione chisananyeke pamwendo pako.
Nanga awa akumanja? anatero.
Amenewo ndi chingwe cha mmisiri,
ukachitambasula umaona kuti khoma lapendekera,
umadziwa kuti mpopi wouma si chilengedwe.
Koma usawakhulupirire mpaka kumapeto.
Mudzi wangwiro uliwonse uli ndi mpanda.
Uzifunsa amene anatsala kunja,
uzifunsa amene anaumba njerwa
ndi komwe ankagona.

Ndisanamalize, likhweru linalira cha kumsika.
Apolisi a khonsolo!
Amayi a tomato anabalalika, nthochi zinapondedwa.
Ndinagwira chiguduli m'makona anayi
ndipo paradaiso ndi gehena zinagundana mitu
m'mtolo umodzi pamsana panga.
Ndinathamanga pa maluwa a jakaranda oterera
mpaka kumlatho wa Mukuvisi.
Mtsikana uja anatsala ataima, buku lili m'manja,
dola yanga ili m'thumba mwake.
Asunge. Mwina adzalemba lake.

Usiku uno magetsi agona, bambo.
Ndayatsa kandulo, ndikusankhulanso mtolo wanga.
Ena zikuto zinathothoka pothawa,
ndiye ndimawerenga tsamba loyamba:
misewu yoyera, ana okhuta, palibe wodandaula.
Ndimalitembenuza,
ndimalinunkhiza,
ndimaliyang'ana pa kuwala,
osadziwa mulu woti ndiliike.