Usanapereke Ndalama, Tiyanjane

Usagule nyumba mu Ogasiti.
Fumbi la Harare limabisa zambiri.
Dikira Januwale, mvula itakhazikika,
upite ndi nsapato zakutha
ukaone pomwe madzi amagona.

Ine ya ku Budiriro ndinagula dzuwa likuswa mtengo,
kwa mkulu wa tayi, mapepala ali m'chikwama.
Lero achule amandilipira lendi ndi nyimbo.

Tsegula mpopi. Ukangotsokomola osalavula kanthu,
funsa aneba kumene amatunga.
Penti watsopano pakona imodzi yokha
ndi bandeji, pansi pali bala.
Ngongole ya kukhonsolo sisamuka ndi mwini wake,
imakudikira pakhonde.

Dzina la pachikalata ukawerenge wekha ku ofesi,
chala chili pamzere.

Ukalowa, yamba ndi denga.
Geti lidikire.
Lathu lija mpaka pano timamanga ndi waya.