Juzi ya pa Doko

Dokotala atandiletsa fodya
manja anga anasowa kolowera.
Zaka makumi atatu ndikuwotcherera zitsulo za sitima
pa doko la ku Bergen,
koma belu lopumira likalira
zala zinkangopapasa m'matumba opanda kanthu
ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Ndiye ndinatenga singano zolukira za malemu mayi.
Zinali m'chitini cha mabisiketi, pansi pa zithunzi,
pamodzi ndi ulusi wotuwa wa ubweya wa nkhosa
wonunkhabe khola.

Tsiku loyamba anzanga anafa nalo phwete.
Oddvar anati: "Torleif, ukamaliza undilukire thewera."
Sindinamuyankhe.
Ndinali pa kamfundo ka makumi asanu mphambu zitatu,
ndipo woyankha amaiwala pomwe walekezera.

Kuluka kokha sikunandivute.
Chinandisowetsa tulo ndi pepala lija la timabokosi.
Sindinkafuna nyenyezi za m'mabuku
zomwe theka la anthu a m'basi lavala kale.
Ndinajambula makireni athu, makosi awo ataliatali:
kabokosi kakuda, tiwiri toyera, kakudanso.
Ndinajambula mvula yathu ino yosadziwa Lamulungu,
yogwa chopendekeka kuchokera kunyanja.
M'munsi mwake ndinaika chipsera chomwe moto wanga umasiya
pomwe zitsulo ziwiri zavomera kukhala chimodzi.

Milungu isanu ndi iwiri, khofi akuzizirira m'kapu.
Nditafika m'khwapa, zinthu zinakana.
Kireni yomaliza inatsala ndi mwendo umodzi,
mvula ya pachifuwa sinakumane ndi ya kumsana.
Ndinawerenga katatu. Ndinatukwana kanayi.

Mindaugas, mnyamata wa ku Lithuania
amene sapitirira mawu khumi pa tsiku,
anasuntha buledi wake, nakoka pepala langa.
Iyeyu mapulani a sitima amawawerenga ngati kalata yakwawo.
Chala chake chakuda bii ndi girisi
chinayenda m'timabokosi, kenako chinaima.
"Kireni iliyonse ikudya timfundo khumi ndi tiwiri.
Inu munayamba ndi mazana awiri ndi makumi asanu.
Onjezani tiwiri."
Anabwerera ku buledi wake.

Ndinamasula yonse.
Ukalakwitsa pa chitsulo umachipala ndi makina,
moto n'kumathetheka, doko lonse n'kumva manyazi ako.
Ulusi ayi.
Umangobwerera mwakachetechete,
uli khwinyikhwinyi, ukukumbukabe pomwe unapindidwa,
n'kukudikira pa mwendo.
Milungu isanu ndi iwiri inatha pa ola limodzi.
Usiku umenewo fodya ndinamulakalaka
mpaka ndinatafuna pensulo.

Ndinayambanso.
Chipale chofewa chinagwa, chinada, chinasungunuka.
Sitima imodzi tinaitsiriza, ina inalowa.
Juziyo ndinaivala mu Epulo, kukuzizirabe.
Dzanja lamanzere ndi lalitali pang'ono;
ndimalipinda, palibe amafunsa.

Oddvar anaigwira ndi zala ziwiri,
naitembenuza kuti aone kuseri
monga timayenderera ntchito ya munthu watsopano.
Anakhala chete nthawi yaitali.
"Iyi ndi kireni yachinayi," anatero,
"yopindika khosi ija, inatsala pang'ono kutipha chaka chatha."
Ndinati ndi yomweyo.
Za thewera sanatchulenso.
Patapita masiku anandionetsa dazi lake,
nati mphepo ya pa doko ilibe ulemu.

Lachisanu Mindaugas ananditsatira pokwerera basi,
mvula ikutimenya chopendekeka,
ndendende mmene ndinaijambulira.
"Singano zotere amagulitsa kuti?
Akufuna ndi mkazi wanga."
Doko lonse likudziwa kuti mnyamatayu alibe mkazi,
amagona yekha m'kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsomba.

Ndinamulembera dzina la msewu
kuseri kwa pepala la timabokosi losalembapo,
ndinamupatsa lonse,
ndi pensulo yotafunidwa ija.